Lamba wa Mashini Anga

Lolemba, 7 Epulo

Zotsatira za mayeso olowera sukulu zatuluka. Achimwene apeza 141. Sukulu ya digiri yachiwiri imene akufunayo imatenga kuyambira 160. Atseka laputopu, alowa kuchipinda, sanatuluke mpaka dzuwa kupendeka.

Ine botolo la mafuta a mashini linali kale m'manja. Miyezi inayi ndakhala ndikudikira tsiku limeneli. Tinapangana kuti zotsatira zikatuluka, Amayi andibwezera lamba wa mashini anga osokera. Anamuchotsa okha mu Disembala n'kumutsekera m'sutikesi yawo, ati kulira kwa mashini kumasokoneza achimwene powerenga. Popanda lamba ungapalase tsiku lonse, singano siyenda.

Botolo ndalibweza pawindo. Lero si tsiku lofunsa.

Lachiwiri, 8 Epulo

Achimwene alembanso mu Julayi. Amayi alengeza patebulo. "Ulendo uno m'nyumba muno mukhale zii weniweni." Akunena maso ali pa ine.

Weniweni? Nanga uja anali wabodza? Wailesi tinakasungitsa kwa aneba. Ndimayenda osavala nsapato m'nyumba mwathu momwe. Mbale ndimatsukira kuseri, imodziimodzi ngati mazira. Chifuwa chitandigwira mu Febuluwale ndinkathamangira kubafa kukatsokomolera m'thaulo.

Zonsezi zinafika pakhosi. Chimene chinatuluka: "Chabwino, Amayi."

Ndikudzida ndekha.

Lachitatu, 9 Epulo

Kunabwera Azakhali kudzapepesa, ngati kwagwa maliro. Afunsa, "Chinavuta n'chiyani, mwana wanzeru chonchi?"

Amayi osaganiza n'komwe: "Phokoso. Uyu ndi sizasi yake, tsiku lonse khwe, khwe, khwe."

Sizasi! Mashini atandilanda ndinkangosoka tizigamba pamanja kuti zala zisaiwale. Tsopano ndi sizasi yadya mamalikesi.

Azakhali anditembenukira. "Iwe Kachete, sudziwa kuti mlongo wako akakwera tonse takwera? Ukanapitiriza sukulu bwenzi ukumvetsa."

Ndikanapitiriza. Ngati kuti ndinasiya ndekha. Nditamaliza pulayimale si iwo omwewo anakhala pamipando yomweyi n'kunena kuti apitirize mmodzi, winayo aphunzire ntchito yamanja? Ndinaphunzira. Ntchito yamanjayo lero ndiye mlandu.

Achimwene anali pomwepo akutakasa tiyi. Supuni yawo imagogoda kapu, ngwe ngwe ngwe, koma palibe anati ndi phokoso.

Lachinayi, 10 Epulo

Abwera aphunzitsi a sukulu ya mkaka. Ndi okhawo atsala. Makasitomala ena onse anapita kwa telala wa pamsika, amene amasoka kolala yopotoka koma mashini ake amalira.

Akufuna yunifolomu za ana makumi atatu. Atalowa pabalaza anaima n'kuyang'ana mashini anga. Amayi anawafunditsa nsalu yoyera n'kuikapo botolo la maluwa apulasitiki.

"Ii, mpaka maluwa? Anamwalira liti?"

Ndinafuna kuseka, koma misozi ndi imene inali pafupi.

Potuluka anandigwira dzanja. "Mwana wanga, msoko wako ndimaukonda, wowongoka ngati waika lula. Koma ana sangavale chikondi changa. Lolemba masana ndione yunifolomu imodzi yatha. Apo ayi, nsaluyi ndikapereka pamsika." Andisiyira nsalu yabuluu ndi pepala la miyezo.

Ndabisa pansi pa matilesi ngati ndaba.

Lachisanu, 11 Epulo



Ndimayanika zovala kuseri, pansi pa windo la achimwene. Anali pafoni ndi mnzawo. Sindinabisalire, mawu anandipeza okha.

"Aise, mafunso ndimawadziwa. Koma m'chipinda cha mayeso muja munali anthu makumi awiri, aliyense akugogoda kompyuta yake. Wina akutsokomola, wina akukoka mpando, chitseko chikungotseguka. Ine ndinazolowera kuwerenga kuli zii. Mutu unangoima. Ndime imodzi ndinaiwerenga kanayi, nthawi n'kutha."

Kenako anaseka. "Masteni ndiwauza bwanji? Zoti kukhale chete anakonza ndi iwowo. Akuti ndi sizasi ya mlongo wanga. Ndangowasiya."

Ndangowasiya.

Ndinaima ndi malaya awo onyowa m'manja, madzi akutsikira m'zigongono. Ndiye kuti chimene chinawagwetsa ndi chete yemweyo amene ndinawapangira ine. Kutsokomolera m'thaulo kuja. Makasitomala anga aja. Ndipo Lachitatu ankadziwa, akutakasa tiyi.

Malayawo ndawayanika osafinya. Aume mawa kapena mkuja, zawo.

Loweruka, 12 Epulo

Ndinayeserera mawu kubafa katatu. Kenako ndinawatengera tiyi kuchipinda.

"Achimwene, ndinamva."

"Wamva chiyani?"

"Za pafoni dzulo."

Anavula magalasi. "Wayamba kumvetsera m'mawindo tsopano?"

"Ndimayanika zovala zanu."

Ndinaona khutu lawo likugwedera ngati mmene linkachitira tili ana akanama.

Ndinati, "Auzeni Amayi."

"Ndiwauza. Mtima wawo uyambe wakhala pansi. Ukudziwa mmene amadwalira akakhumudwa."

"Aphunzitsi akubwera Lolemba."

"Kachete, tamvera. Za timadiresi ta ana ndi za digiri ungaziike pamodzi?"

Ndinatenga tiyi uja n'kutuluka naye. Ndinakamwa ndekha kukhitchini, ndi shuga wawo wa masupuni atatu. Wotsekemera mopusa. Ndinamaliza.

Lamulungu, 13 Epulo

Ndapempha lamba. Amayi, osatembenuka: "Julayi."

Masana onse ali kunja ndinatenga jinzi yakale ya achimwene, ija anati ndidzapangire chopondera pakhomo. Ndadula timizere titatu tatitali, ndaluka ngati tsitsi, ndalumikiza nsonga ndi ulusi wolimba kuti akhale lamba. Koyamba anaterereka pagudumu. Ndafupikitsa pang'ono, wagwira. Ndathira mafuta monse, ndazungulitsa ndi dzanja pang'onopang'ono. Singano yatsika, yakwera.

Ndafunditsanso nsalu, maluwa pamwamba. Nsalu yabuluu ndadula kale, diresi la mwana wa zaka zinayi.

Mantha alipo. Koma mkwiyo ndi umene wachuluka.

Lolemba, 14 Epulo

Naini koloko achimwene anakhala patebulo la pabalaza ndi laputopu, kuyesa mayeso a maola awiri, wotchi ili pambali. Amayi anayenda chonyang'ama kupita kukhitchini, chala pakamwa, kundichenjeza.

Ndinachotsa maluwa n'kuwaika pansi. Ndinakhala. Phazi pachopalasira.

Mayo, kulira kwake! Ndinali nditaiwala kuti mashini anga ali ndi mawu aakulu chonchi. Mawindo ngati akuyankha.

Amayi anatulukira manja ali thovu lokhalokha. "Wapenga? Tasiya msanga!"

Sindinasiye. Ndinamaliza msoko wa m'mbali, ndinatembenuza nsalu.

"Ndikulankhula ndi iwe!"

"Afunseni iwo chimene chinawalepheretsa." Mawu anga anatuluka aang'ono, koma anatuluka. "Akapanda kunena, ndinena ine."

Amayi anayang'ana achimwene. Achimwene anayang'ana laputopu nthawi yaitali, ngati yankho lalembedwa pamenepo.

"Musiyeni, Amayi. Kumayeso kuja kunali phokoso loposa ili. Ndi limene linandisokoneza. Ndinazolowera chete."

"Nanga sizasi?"

"Sinali sizasi."

Amayi anangoti kakasi, thovu likudontha pasimenti. Anabwerera kukhitchini. Patapita kanthawi ndinamva mbale zikugundana mwamphamvu, koyamba chichokereni Disembala. Kaya ndi mkwiyo, kaya n'chiyani. Lamba sanabweretse, pepani sananene. Achimwene nawonso ayi.

Ndinasoka manja a diresi, ndinalumikiza kolala. Achimwene poyamba ankagwira mutu, kufufuta, kuyambiranso. Kenako ndinaona akulemba osadzutsa nkhope.

Nditafika pa mpendero ndinachepetsa liwiro. Iwo osandiyang'ana: "Kachete, usaime. Zatsala mphindi makumi awiri, ndayamba kuzolowera."

Ndinaima.

Ndinadzuka, ndinakamwa madzi, ndinatsuka kapu. Ndinaima pakhomo kuyang'ana kumsewu ngati aphunzitsi akuoneka. Ndinabwerera, ndinasintha bobini ya ulusi mosafulumira, iwo akundiyang'ana, wotchi yawo ikuyenda.

Ndinayambanso pamene ndinafunira ine.