Anawotcha Zombo za Adada

Kawale 2,
Lilongwe.
14 Ogasiti 2023

Okondedwa achimwene a Thumbiko,

Ndikhulupirira kuti muli bwino ku Joniko. Kalatayi ndapatsira Adamu wa basi, chifukwa pafoni pakamwa pangandilakwitse.

Adada tinawaika bwino. Anthu anadzaza msewu mpaka kumsika, ena ochokera ku Biwi ndi ku Chinsapo, atagwira ana amene adadawo anawatsitsimutsa pa kachipatala kawo kaja. Wowerenga mbiri anatchula masukulu amene anaphunzirako ndi zipatala zonse zimene anagwirako ntchito, koma za zombo sanatchule n'kamodzi komwe, ngati anali matenda ochititsa manyazi.

Inu mukudziwa mmene adada ankakhalira akatseka chipatala. Ankalowa m'kachipinda kakuseri, magalasi ali pamphuno, n'kumasema ndi zidutswa za mlombwa ndi zitini za mkaka tizombo tofanizira zombo zija zinali panyanja yathu nthawi ya nkhondo ya Angerezi ndi Ajeremani. Wodwala akalakwitsa n'kufunsa kuti kameneko n'kachiyani, ankachoka malungo atatopa okha. Pansi pa chombo chilichonse ankalembapo maina a anthu akuda amene ankasonkha moto m'zombomo, poti mabuku a azungu, iwo ankatero, anangokumbukira akaputeni.

Tsiku losesa, azakhali a Irene anabwera ndi mneneri wina wa ku Area 36, wa suti yoyera ndi nsapato zosongoka. Analowa m'kachipindamo osagogoda n'komwe, natembenuza chombo chimodzi, n'kuyamba kuwerenga maina mofuula.

"Mwaonatu? Awa ndi anthu amene ankawakweza m'menemu! Dokotala wanji wosunga sitima ku Lilongwe kopanda nyanja?"

Ine ndinati, "Abusa, dzina mwawerenga pomalizalo ndi la agogo awo a adada. Anamwalira adada asanabadwe."

"Ndiye basi, ndi zakumtundu zimenezi," anatero azakhali, akuomba m'manja.

Anazitutira pabwalo zonse, nazithira palafini. Achimwene, zinandinyansa. Sindinanyansidwe kwambiri ndi mneneriyo, iye ndi mmene amadyera. Koma machesi anabwera nawo ndi amake Chiku oyandikana nafe, omwe aja adada anawathamangira mvula ili pamsana Chiku atakomoka. Ndiwonso anayambitsa nyimbo. Anthu omwewo amene dzana ankadzigwetsa pabokosi tsopano ankanong'onezana kuti n'chifukwa chake jakisoni wa adada sankaphonya. Ntchito ya moyo wonse wa munthu inanyeka ngati zinyalala, ana akuvina mozungulira. Amama sanalire, anangokhala pakhonde manja ali pamiyendo.

Chatsala ndi katoni ya makaseti. Muli mawu a nkhalamba za ku Likoma ndi ku Nkhata Bay zimene adada ankazilondola pa tchuthi chilichonse, kuzifunsa za moyo wa m'zombo. Onsewo anapita, ndipo zimene ananena kulibenso kwina kumene zinasungidwa. M'makaseti momwemo ndi mmene mwatsala mawu a adada, akufunsa mafunso ndi kuseka. Mneneri akuti amenewo ndi mawu a mizimu, abweranso kumapeto a mwezi uno kudzamaliza ntchito. Nditakana, azakhali anandikumbutsa kuti kwathu pa katundu wa bambo mwini mawu ndi mwana wamwamuna, ine ndinakwatiwa kwa eni. Ndiye zonse zili m'manja mwanu.

Ndinkafuna ndikupempheni ngati munthu amene simukudziwa kanthu, koma sindingathe. Pofuna kunditseka pakamwa, azakhali anatulutsa foni yawo, natiyikira uthenga wa pa WhatsApp amama ali pomwepo. Anali mawu anu, achimwene, omveka bwinobwino: "Wotchani zonsezo, anti. Aprofeti akuti ndi zimene zandimanga kuti ndisapeze ntchito kuno."

Sindikutukwanani, ndinu aakulu kwa ine, ndipo ndikudziwa kuti kunja kumapweteka. Kungoti pena ndikamayang'ana pabwalo pamene padakali pakuda paja, ndimachita manyazi kuti tinatuluka m'mimba imodzi. Chonde imbirani azakhali mwezi usanathe, muwauze kuti makaseti asawakhudze. Mawu anu amodzi anakwanira kuyatsa moto, amodzinso akwanira.

Mlamu wanu akupereka moni. Upile wakhoza mayeso, akuti amalume asaiwale nsapato zija. Akulu a mpingo amakufunsani Lamulungu lililonse, ine ndimangoti muli bwino.

Amama ndinawafunsa ngati ali ndi mawu oti ndikulembereni. Anati ndikufunseni ngati tsopano ntchito ija mwaipeza.

Ine mlongo wanu,
Mabel