Kapeti Yonyowa ya Kumanzere

Lolemba, 8 Juni 1998
Ine Gilson Mbewe, wa zaka 72, kuno ku Chelstone. Kulemba ndinaphunzira ku tchalitchi imvi zitamera kale, ndiye dzanja limayenda pang'onopang'ono. Palibe wondithamangitsa.

Lero ku chipatala, kowongola mwendo wa akazi anga, amake Perpetua. Chiwagwereni sitiroko mu Epulo, Lolemba ndi Lachitatu lililonse. Kuzizira koopsa. Hita ya galimoto mphepo yozizira yokhayokha msewu wonse wa Great East. Ndawafunditsa chitenje chachiwiri. Powatsitsa kunyumba ndaona kapeti ya pansi pa mapazi awo yanyowa. Madzi achikasu. Ndagwira, ofunda. Sindinanene kanthu. Ndapukuta atalowa m'nyumba.

Lachitatu, 10 Juni
Ndatsegula boneti ndisanalize injini. Madzi mu rediyeta atsika, chala sichikuwafika. Ndathira jagi imodzi ya pampopi. Ndagwada, pansi pa galimoto dothi louma. Mapaipi ndafinya limodzilimodzi, onse olimba. Chivundikiro chili bwino. Oilo wakuda, sanasakanikirane ndi madzi. Nanga akupita kuti? Hita yafundako mpaka pa Munali, kenako basi.

Kapeti yanyowanso. Zaka 46 m'banja. Mkazi amene ankasita ngakhale nsanza zopukutira mbale. Ndayala thumba la saka mbali yawo.

Lolemba, 15 Juni
Aliona thumba lija. Anayang'ana thumba, nayang'ana ine. Ine maso pamsewu. Galasi lakutsogolo nthunzi yokhayokha mkati, ndikupukuta ndi chipewa.

Kuchipatala akuti mwendo wayamba kumva, tisadumphe tsiku ngakhale limodzi mpaka Ogasiti, ukauma wauma. Pobwerera thumba lonyowa. Masana tiyi akana. Madzi akana.

Lachitatu, 17 Juni
Akana kupita. Ndawaveka nsapato, avula ndi phazi labwino lija. Mawu amatuluka movutikira masiku ano, koma ndamva onse: "Sindikumva n'komwe pochita. Mwandipukutira kokwana, atate ake Perpetua."

Ndinati palibe kanthu, zimachitika, ndi matenda. Ndimati ndikuwatonthoza. Ndiye kuti ndavomera.

Loweruka, 20 Juni
Singano ya kutentha inakwera dzulo mpaka pofiira, ndiye lero kwa Ba Kabamba, makanika wa pansi pa mtengo ku Kabwata. Ndinali ndekha. Nditaima pa maloboti ndinaponya maso kumanzere. Thumba lanyowa. Pampando palibe munthu. Am'mbuyo analiza mahutala, ine maso akadali pa thumba.

Ba Kabamba analowetsa mkono kuseri kwa dashibodi, nautulutsa ukudontha. Akuti kuli karediyeta kena kakang'ono, kamene kamafunditsa hita, kabooka. Madzi otentha a injini ankadonthera m'kati, n'chifukwa chake pansi panali pouma. Chikasu chija ndi dzimbiri. Akuti madzi a pampopi amene ndakhala ndikuthira ndiwo anadya chitsulo, ndikanathira obiriwira a m'botolo. Akanakhala obiriwira, ndani akanaganiza zimene ndinaganiza ine?

Anakazula, nalumikiza mapaipi awiri aja pamodzi. Kudontha kwatha, hita nayo yatha. "Ba mudala, mu Zambia hita ni ya chani?"

Lamulungu, 21 Juni
Ndawauza zonse amake Perpetua, pang'onopang'ono, kuyambira pa jagi ija. Ndajambula ndi karediyetako papepala. Anamvetsera mpaka kumapeto. Kenako anandigwira dzanja nati, "Mwakalamba, bodza simulitha."

Ndinati tiyeni mukaone, kapeti yauma. Anati inde yauma, poti iwo sanakwere.

Lachitatu, 24 Juni
Ndabwerera ku Kabwata kukapempha kachitsulo kobooka kaja kuti amake Perpetua akaone ndi maso awo. Kanapita kale kwa ogula zitsulo zakutha. Ndinapempha Ba Kabamba abwere yekha adzawafotokozere. Anavomera. Koma ndiye ndimuuze chifukwa chake? Nkhani ya mkazi wanga pansi pa mtengo, amuna asanu akumva? Ndinati basi, ndasintha maganizo.

Amake Perpetua sanapitenso ku chipatala lero. Kapu imodzi ya madzi tsiku lonse. Milomo yang'ambika.

Lolemba, 29 Juni
Maulendo anayi tadumpha. Ndayesa kuwongola bondo ndekha monga amachitira kuchipatala. Likukana. Galimoto ili panja, madzi odzaza mpaka pakhosi, singano pakati penipeni. Sinayendepo bwino chonchi.

Tsiku loyamba lija ndikanangofunsa. Kungoti, kodi madzi awa ndi a chiyani? Tikanakangana pang'ono, tikanaseka. Ndinawasungira ulemu, ndipo...

Perpetua mwana wanga, mapepala awa sindinalembere munthu, koma ndawang'amba m'kope, apita ndi basi ya ku Kitwe mawa. Wawerenga wekha. Ine amako sandikhulupirira, akuti ndimawakonda kwambiri. Iwe sunawanamizepo, amadziwa. Alembere ndi dzanja lako kuti inali galimoto. Usachedwe, bondo silidikira Ogasiti. Nanenso undiyankhe, ngakhale mizere iwiri, undiuze ngati ndalakwanso pokuuza.