Mawu a Mkazi Wina M'makutu mwa Alamu Anu

Okondedwa achemwali,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana onse. Mwendo wa amayi uja uli bwanji? Pafoni amangoti ndili bwino, ndili bwino, koma inu amene mumawaona akamadzuka pampando mundiuze zoona. Kuno tonse tili bwino m'thupi. Atsikana anu awiri akupita kusukulu, ndipo wamng'onoyo waguluka mano akutsogolo moti akukana kuseka pagulu. Ndasankha kulemba m'malo moimba foni chifukwa nyumba yathu ndi ya zipinda ziwiri, ndipo alamu anu masiku ano amamva ngakhale munthu akameza malovu kuseri kwa chitseko.

Ndiyambe ndi nkhani yabwino. Alamu anu awalemba ntchito yokhazikika. Mukukumbuka mmene zinalili shuga atawalanda maso. Ankangokhala pawindo tsiku lonse, osafuna kulankhula ndi munthu. Ine ndiye ndinali maso awo. Mauthenga a pafoni, mapepala a kuchipatala, nyuzi, zonse ndinkawawerengera ndine. Ngakhale mtundu wa malaya ankafunsa kwa ine, ndipo tikatuluka ankagwira chigongono changa. Ndinkatopa, ndipo ndinu amene ndinkakudandaulirani.

Kenaka bungwe lina la anthu osaona linawaphunzitsa kompyuta. Bungweli limajambula mabuku m'mawu, kuti amene sangawerenge ndi maso azingomvetsera. Munthu wina amawerenga buku mokweza pa maikolofoni, ndiye alamu anu amatenga zojambulidwazo n'kuzikonza. Masiku ena amagwirira ku ofesi, masiku ena pakhomo pano, patebulo lomwe tinalipanikiza pakati pa firiji ndi windo.

Mukanawaona mukanadabwa. Sikirini sayatsa n'komwe, imangokhala yakuda ngati bolodi la kusukulu. Mausi, kachipangizo kolozera pa sikirini kaja, anapatsa mwana kuti azisewera nako. Zonse amachita ndi kiyibodi. M'kompyutamo muli mawu a makina amene amawauza chilichonse chomwe akhudza, ndipo anawafulumizitsa moti ine ndimangomva ngati mbalame zikukangana. Pali mabatani awiri okhala ndi timizere totukuka, pamenepo ndi pomwe zala zawo zimayambira. Akadina batani lalitali lapansi, wowerenga uja amayamba kulankhula, akadinanso amaima. Ndi mabatani a timivi amamubweza m'mbuyo pang'onopang'ono mpaka apeze pomwe watsokomola. Amaika chizindikiro poyambira chifuwacho, china pothera, n'kudina kamodzi, chifuwa chapita. Akadula molakwika amabweza. Amachotsa phokoso la pepala, njinga yamoto yodutsa mumsewu, mawu obwereza, n'kulumikiza zotsalazo mwakuti simungadziwe kuti panali msoko. Abwana awo akuti palibe wina pa ofesipo amene amalumikiza mosalala chotero. Ndinanyadira, achemwali, ndipo ndikunyadirabe.

Vuto langa ndi amene amawerengayo. Ndi mkazi. Ine ndinamupatsa dzina loti Namawu, ndipo ndi lomwe ndizigwiritsa ntchito muno. Kuyambira m'mawa mpaka madzulo amakhala ali m'makutu mwa mwamuna wanga. Ndikalowa ndi tiyi ndimayenera kuwagwira paphewa kuti adziwe kuti m'nyumba muno mulinso munthu wina, ndipo amakweza chala kuti ndidikire kaye Namawu amalize chiganizo.

Tsiku lina tikudya anangoyamba kunena kuti Namawu sali bwino, mwina ndi chimfine kapena wachita kulira, chifukwa kapumidwe kake kasintha. Ine mutu unali ukundipweteka kuyambira m'mawa, ndikuyenda moguza mapazi m'nyumba yomweyo, koma zimenezo makutu awo akuthwawo sanamve. Ndinawafunsa ngati ntchito yawo si yochotsa kupumako. Anandifotokozera mofatsa, ngati mphunzitsi, kuti sachotsa konse, chifukwa munthu wosapuma amamveka ngati makina, ndipo kupuma kwina kwa Namawu kumakometsa nkhani moti kudula kungakhale kuwononga. Ndinaika supuni pansi. Iwo anapitiriza kudya.

Kukatentha, mahedifoni omwe amavala kumakutu amawatulutsa thukuta, ndiye amatsegula masipika. Masana ena ndinali kusita mayunifolomu a ana, m'chipinda changa chochezera mkazi wina akungoti ndakusowa, ndakusowa, ndakusowa, mobwerezabwereza. Linali buku la nkhani yachikondi, ndipo alamu anu ankasaka kaphokoso ka milomo komwe kanalowa pakati pa mawu. Ndikudziwa kuti inali ntchito. Koma nkhope yawo inali itatsamira kusipika, maso ali chitsekere, akumwetulira pang'ono, ndipo ine ndinawotcha kolala ya mwana.

Mnzanga woluka tsitsi wa khomo loyandikana nalo anandiseka. Anati ndikuopa chiyani, mwamuna woti sangamuone n'komwe mkaziyo. Ndinamuyankha kuti amuna a anthu ena amaona mkazi pamsewu n'kudutsa, koma wanga amamuvala kumutu tsiku lonse, ndipo amalipidwa pochita zimenezo.

Mpata wokamuona unapezeka tsiku lomwe alamu anu anaiwala mankhwala awo patebulo. Ndinavala diresi langa labwino lija n'kuwalondola. Ofesiyo ili pamwamba pa sitolo yogulitsa nsalu, munthu amakwera masitepe opapatiza. Muli kachipinda kojambuliramo, makoma ake anamatapo masiponji, ndipo kali ndi windo lagalasi loyang'ana komwe alamu anu amakhala. Njira yonse ndinkapemphera kuti ndikapeze mayi wachikulire wa magalasi okhuthala. Pemphero limenelo silinayankhidwe. Namawu ndi mtsikana wamtali, wa kampata m'mano, ndipo ndi namwino amene amabwera kudzawerenga mongodzipereka akakhala kuti sali pa ntchito.

Akanakhala wamwano bwenzi zili bwino, ndikanapeza pomugwira. Koma anatuluka m'kachipindako, n'kundilonjera mwaulemu, akunditchula kuti mayi. Liwu limenelo linandikalambitsa pomwepo. Anati wamva zambiri za ine, ndipo anati alamu anu amamuchititsa kumveka ngati munthu wanzeru pomwe iye amapunthwa tsamba lililonse. Anandipatsa mpando, ndinakhala n'kumaonerera. Akalakwitsa liwu amawomba m'manja kamodzi, kuti pokonza alamu anu akangomva kuwombako adziwe pofunika kudula. Atawomba kangapo motsatizana pa liwu limodzi lomwelo, alamu anu ananena kanthu kena pa maikolofoni yawo, onse awiri n'kufa ndi phwete. Ine ndinasekerera nawo osadziwa chomwe chikusekedwa. Kuseka koteroko ndinali ndisanakumve kwa iwo kuyambira pomwe anadwala.

Nthawi yoweruka ndinachedwa pang'ono kutola chikwama changa. Pofika pamasitepe ndinapeza Namawu wapereka kale chigongono, ndipo dzanja la alamu anu linapita pomwepo osafufuza. Ndinatsika pambuyo pawo, nditanyamula mankhwala.

Sabata yomweyo ndinawauza kuti nanenso ndimatha kuwerenga, ndipo ndinawakumbutsa amene ankawawerengera nyuzi zaka zonse zija. Anasangalala zenizeni. Loweruka masana tinatumiza ana kwa woluka tsitsi uja, tinapachika bulangete pawindo kuti phokoso la mumsewu lisalowe, tinazimitsa firiji chifukwa imalira. Anandiikira maikolofoni pafupi ndi pakamwa, ndinawerenga tsamba limodzi. Ndinathamanga, ndinabwereza mizere. Kenaka anavala mahedifoni n'kuyamba kundidula. Ndinakhala pambali ndikuona zala zawo zikungodumpha, ndikudziwa kuti kudina kulikonse ndi cholakwa changa. Dzuwa linapendeka asanamalize. Atanditsegulira kuti ndimvetsere sindinadzizindikire, ndinkamveka ngati munthu wa pawailesi. Mtima unakhala pansi, mpaka ndinawafunsa ngati akapereke kwa abwana awo.

Inu mukuwadziwa alamu anu, bodza silikhala m'kamwa mwawo. Anati mawu anga ndi abwino, koma ndimameza mathero a mawu, ndipo nthawi yomwe athera pa tsamba langa limodzi, kwa Namawu akanamaliza mutu wonse wa buku. Anati ndikamayeserera ndidzafika. Ndinathothola bulangete lija pawindo mpaka msomali unatsala m'manja. Firiji tinaiwala kuyatsa, m'mawa mwake mkaka wonse unali utasasa.

Tsopano nkhani yomwe yandilembetsa kalatayi. Bungwe likutumiza anthu ake kumaphunziro ku mzinda wina, kutali, kwa sabata yathunthu kumapeto kwa mwezi wamawa. Akupita ndi alamu anu, abwana awo, ndi Namawu. Abwanawo anati aliyense wosaona akhoza kutenga womuperekeza, koma alamu anu anayankha kuti safunika. Ine anandiuza zonse zitatha kale. Ndinawafunsa kuti ndiye kumeneko azikagwira mkono wa ndani.

Anavula mahedifoni n'kutembenukira komwe kunali mawu anga. Anati, “Zaka zonsezi ndakhala katundu wako. Ndimafuna kamodzi kokha ndikwere basi ndi ndodo yanga, ndikafike, ndibwerere, ndidzakufotokozere za ulendo ngati mmene amachitira amuna ena.”

Ine ndinati, “Mukakwera ndi ndodo, kapena ndi namwino?”

M'mawa mwake ndili kukhitchini ndinawamva akuimbira abwana awo kuti pamalo pawo apite wina. Atatero anakokera mpando kuwindo n'kukhala. Kompyuta sanaiyatse tsiku limenelo, ngakhale tsiku lotsatira. Ana akawalankhula ankayankha liwu limodzi. Ndinawapatsa tiyi, panalibe chala chondiuza kuti ndidikire, anangolandira n'kuthokoza. Achemwali, ndinali nditapambana. Mkazi uja anali atatuluka m'nyumba mwanga, koma munthu amene anatsala pawindo anali yemwe uja wa chaka chomwe anadwala, ndipo ndinachita mantha.

Ndinakwera masitepe aja ndekha, ndinakauza abwanawo kuti alamu anu apita, ndipo apita opanda ine. Pobwera ndinayatsa kompyuta n'kuwaika mahedifoni pamiyendo. Anawagwiragwira nthawi yaitali, kenaka anafunsa ngati ndatsimikiza. Ndinati ayi, sindinatsimikize, koma apite basi. Anandigwira dzanja, ndipo pasanapite nthawi Namawu anali atayambanso kuwerenga.

Musaganize kuti nsanje yatha. Ikadalipo, ndimadzuka nayo ndipo ndimaphika nayo. Palibe chomwe ndawagwira nacho, ndipo mwina palibedi choti ndigwire. Dzana Namawu anandiimbira foni, mwaulemu womwe uja, kufunsa zakudya zomwe alamu anu sayenera kudya, nthawi yomwe amabaya jakisoni, ndi zizindikiro zoti shuga watsika. Anati akufuna amve kwa ine chifukwa ndine amene ndikuwadziwa. Ndinamuuza zonse bwinobwino, osabisa kanthu kokhudza moyo wawo. Koma atafunsa mmene amakondera tiyi wawo, ndinati foni ikudukaduka.

Pempho langa ndi limodzi. Sabata imeneyo masukulu adzakhala atatseka, ndiye bwerani mudzakhale nane. Ana ndingathe kuwasamala ndekha, amene akufunika womuyang'anira ndine. Ndikadzakhala ndekha ndidzawaimbira foni ola lililonse, ndikumvetsera ngati kumbuyo kwawo kukumveka kuseka kwa munthu wina, ndipo ndikudzidziwa, tsiku lachitatu lisanathe ndidzakhala ndili m'basi. Mudzandilande foni, mudzabise nsapato zanga ngati kungafunike. Mudzagona ndi atsikana, bedi lawo ndi lalikulu. Mundiyankhe msanga kuti ndidziwe.

Amayi musawauze zonsezi. Adzangoti mwana wawo wapenga, wayamba kulimbana ndi sipika. Muwauze za ntchito yokha, ndi kuti mkamwini wawo akupita kumaphunziro, asangalale.

Mundiperekere moni kwa amayiwo, kwa alamu, kwa azakhali ndi amalume, kwa achimwene ndi akazi awo, ndi kwa ana onse kuyambira wamkulu mpaka wakhanda uja amene sindinamunyamulebe. Atsikana akuti amayi awo aakulu asabwere chimanjamanja. Alamu anu nawonso akupereka moni. Andifunsa kuti ndikulemba chiyani chotalika chotere, popeza akumva cholembera chikukanda pepala, ndawauza kuti ndi nkhani za akazi.

Tsalani bwino,
Ine mng'ono wanu,
Mayi a atsikana