Mwana Anatsogoza Chipumi

Chiponde, Mangochi
14 Ogasiti 1989

Okondedwa Achemwali,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Nanga mwendo wa amayi unasiya kutupa? Kuno tili moyo, ndipo ndikulemba mwana wamkazi ali pamiyendo. Koma ndinachira movutikira.

Matenda anayamba Lachiwiri m'mawa. Pofika masana panalibe chosintha. Amayi oyandikana nawo anali atasungunula kale mwanamphepo, ena akuti andikanikize pamimba. Alamu anu a Dyson anathamanga kukaitana mayi Celestina, othawa nkhondo amene amagulitsa tomato pamsika. Kwawo ku Cuamba anali mzamba wa m'chipatala.

Atasamba m'manja ndi sopo anandiyeza mofatsa, kenaka anatenga chikho cha mankhwala chija n'kukataya panja. Anandifotokozera m'Chichewa chawo chosakaniza ndi Chiyao kuti mwana amayenera kutsogoza liwombo, ndipo wotsogoza nkhope nthawi zina amadutsa ngati chibwano chaloza kutsogolo. Koma wangayu anatsogoza chipumi, ndiye sakanadutsa ngakhale ndikanachima mpaka mawa.

"Usachimenso, mwanangu. Ukakakamiza, chiberekero ching'ambika," anatero.

Galimoto yondithamangitsira kuchipatala panalibe. Iwo anakaima pakati pa msewu n'kuimitsa lole imene inadzatsitsa ufa wa othawa nkhondo. Dalaivala anayamba wakana, ati lole si ambulansi, koma mayiwo sanasunthe mpaka analola. Njira yonse yotsetsereka ya ku Namwera anandigoneka chammbali, mutu wanga uli pamiyendo pawo, akundiuza mopumira. Kuchipatala cha ku boma adokotala atandiyeza ananena zomwezo, ndipo anandichita opaleshoni dzuwa lisanalowe. Achemwali, mayi wosavala n'komwe nsapato anadziwa ndi zala zokha zimene tonse sitinkadziwa.

Mwana anabadwa chipumi chili chotupa, koma tsopano chaphwa ndipo akuyamwa bwino. Ine bala likundiletsa kusenza ndowa, komanso sopo akusowa m'magolosale.

Mayi Celestina tinawapititsira nkhuku ziwiri, anakana. Nditawaumiriza, anandiuza kuti pothawa anasiyana ndi mwana wawo Joana, wa zaka zisanu ndi zinayi, ndipo anamva kuti ena a m'mudzi mwawo analowera kwanuko ku Nayuchi. Joanayo ali ndi chipsera chamoto padzanja lamanzere, ndipo amachita chibwibwi. Chonde uzani alamu akafunse kumsasa ndi kusiteshoni. Mukamva kalikonse, ngakhale koipa, mundilembere msanga. Mayiwa amabwera m'mawa uliwonse kudzasambitsa mwana wanga, ndipo ndimasowa powayang'ana.

Mundiperekere moni kwa amayi, kwa amalume, kwa azakhali a ku Ntaja ndi kwa ana onse. A Dyson akupereka moni.

Ndine mng'ono wanu,
Triza