Anapiye Aswa, Koma Alamu Akufuna Kubwezeramo Pulogalamu Yawo

Aphungu,

Ndikulemba uku anapiye 188 akusokosa m'chipinda chakumbuyo, ochokera m'mazira 200. Mtima wanga uli mbee, koma pali kamunga.

Apongozi anga ali ndi makina ofungatira mazira, ndipo pulogalamu yake analemba ndi alamu anga, akulu ake a mwamuna wanga. Kawiri konse mazira anasukusa. Poti inenso ndinaphunzira zamakompyuta, ndinasuzumiramo. Ndinapeza kuti wotchi ya makinawo inkangowonjezera 0.1 ya sekondi pa nambala ya floti, ija dontho lake limasuntha. Nambala yotereyi ikakula sisunga tizidutswa bwinobwino, moti 0.1 ankalowa ngati 0.125. Wotchi inkathamanga, makina n'kuzimitsa kutentha anapiye asanaswe. Ine ndinangokhazika dontho pamodzi, timagawo ta sekondi n'kumawerengedwa ngati manambala athunthu: 1, 2, 3. Basi, anapiye mbwee.

Tsopano alamu akuti, "Zimenezo n'zachikale, mlamu. Mazira aja ndiwo anali oipa." Lolemba tikuikamo ena 200 ndipo akufuna pulogalamu yawo ibwerere. Pakhomopa ndine wobwera. Ndilankhule?

N.T.

Mwana wanga N.T.,

Choyamba vina kaye, wagwira ntchito. Kamene unagwirako ndi kakang'ono, koma paja pang'onopang'ono ndi mtolo.

Ulankhule, inde, koma manambala atsogole. Itana alamu ako paokha, osati pamaso pa makolo awo. Pa kompyuta yendetsani mapulogalamu onse awiri, iliyonse iwerenge timagawo ta masiku 21. Sizitenga nthawi yaitali. Yako ionetsa 21 ndendende, yawo 24. Ukatero khala chete, uwasiye aone okha. Akavomera, kauzeni apongozi muli awiri. Akakanabe, pita nazo kwa apongoziwo ndi mwamuna wako, chifukwa mazira ndi awo.

Usanyoze floti, iwe. Pamene manambala akuluakulu ndi ang'onoang'ono zedi akusakanikirana, ndiyo imathandiza. Yakonso ili ndi msampha: nambala ikapitirira malo amene unaipatsa, imasefukira, wotchi n'kusokonekera. Taonetsetsa kuti malowo akukwana masiku onse.

Koma dzira lisalowe m'makinamo nkhaniyi isanathe. Manyazi a alamu ako adzakhala atatha pofika Lachisanu. Dzira likasukusa, lasukusa.

Aphungu