Mwana wa Namgumi ndi Boti Langa

Mirbat,
14 Malichi

Okondedwa achemwali anga a Tuful,

Ndikhulupirira muli bwino ku Nizwa kumeneko pamodzi ndi alamu ndi ana. Kuno tilipo. Lubani amene munapempha uja ndapatsira woyendetsa basi ya Lachitatu, mukalandire. Ndasankha kulemba osati kuimba foni chifukwa pafoni mumandidula mawu, ndipo nkhani iyi mukandidula sindidzaimaliza.

Bambo ali bwino kupatula maso. Ng'ala ija yakula, tsopano amangoona mbuu. Komabe likangotha pemphero la Asiri, la kumadzulo, amatsetserekera kudoko, dzanja lili paphewa pa Mahad. Pa Mahad, achemwali, mng'ono wanga, osati pa ine mwana wawo wamwamuna woyamba. Tonse awiri timanyamula alendo madzulo kukaona anamgumi. Langa ndi boti latsopano, la injini ziwiri, mipando yake yawofuwofu. La Mahad ndi chiphapha chija anasiya Bambo, chonunkha nsomba mpaka lero. Koma Bambo anakwera langa kamodzi kokha. Potsika anati, "Musallam, boti lako ndi labwino, koma limalongolola ngati mkazi wamkulu tsiku la ukwati wa mkazi wachiwiri." Anthu padoko anaseka, inenso ndinaseka nawo.

Mahad akafika pakati pa nyanja amazimitsa injini patali, n'kuyamba kuthirira alendo khofi. Basi. Sathamangitsa chilichonse. Bambo amagona chammbali, khutu lili pathabwa, kumvetsera anamgumi akuimba pansi pa madzi. Ndiye zinyamazo zimabwera zokha! Zimadzapumira pambali pake penipeni ngati ngamila zodziwa mwini wake. Ine ndimazungulira nyanja yonse, alendo anga n'kungoona michira ikumira kutali.

Masabata awiri apitawo ndinali ndi banja lina la ku Muscat. Aka kanali kachitatu kubwera osaona kanthu. Dzuwa likupendeka tinaona boti la Mahad litaima duu, pambali pake namgumi wamkazi ndi mwana wake. Bambo wa banjalo anandiyang'ana n'kunena, "Akulu, kodi uyo ali ndi mankhwala? Kapena mawa tikakwere lake?"

"Ndi mng'ono wanga uyo," ndinatero. "Kupalasa ndinam'phunzitsa ndine."

"Ndiye wophunzira waposa mphunzitsi," anatero mkazi wake, akuseka kuseri kwa mpango.

Achemwali, malamulo ndimawadziwa. Suyandikira mothamanga, sudutsa kutsogolo, ndipo sulowa pakati pa mayi ndi mwana. Ndinatsegula injini zonse ziwiri. Ndinamuona Mahad ataimirira, akukupiza manja, akukuwa kuti, "Achimwene, zimitsani! Pali mwana!" Ndinamumva bwinobwino. Mumtima ndinati, lero ukuwe ndiwe.

Namgumi wamkaziyo analowa pansi pa madzi. Mwanayo anachedwa. Boti linagunda kamodzi, gu, osati mwamphamvu, ngati wagunda thumba la mpunga. Nditacheuka ndinaona madzi afiira kumbuyo kwathu, ndipo sikunali kufiira kwa dzuwa. Mkazi uja anaphimba kumaso.

M'mawa mwake kunabwera akuluakulu oyang'anira zam'nyanja, chifukwa wina anawauza. Akanatha kundilanda chiphaso. Anafunsa Mahad ine ndili pomwepo. Iye anati, "Dzuwa linali m'maso, bwana. Boti ndinaliona, koma sindingalumbire kuti linali la yani." Mahad amene sananamepo chibadwire, amene ankatiulula tikaba zipatso za tende tili ana! Mukuganiza kuti ndinathokoza? Ndinafuna kumumenya. Anali atandiposa panyanja, tsopano anandiposanso pamtunda.

Lachisanu titachoka kumzikiti tinakadya kwa Bambo monga mwa nthawi zonse. Ndinkadzilimbitsa mtima kuti iwo sanaone kanthu. Tikusamba m'manja anati, "Musallam, injini yako yakumanzere ikutsokomola. Ndinaimva tsiku lija ikudutsa. Ukaikonzetse." Anatembenukira kwa Mahad n'kumufunsa za mphepo. Bwenzi atanditukwana, achemwali. Bwenzi atandiponyera ndodo yawo monga kale. Munthu amene ukumuwerengerabe umamukalipira.

Kuchokera tsikulo boti langa lili pachingwe. Mayi a ana ndawauza kuti injini yawonongeka.

Dzana Mahad anabwera kunyumba akuthamanga, nsapato kumanja. "Achimwene, ali moyo! Tamuona ndi mayi ake kuseri kwa chilumba. Ali ndi mabala atatu pamsana, koma akuyamwa, akusambira." Anandikumbatira, misozi ili mbwee. Ndinati alihamdulillahi, ndipo Mulungu ndi mboni, ndinanena kuchokera pansi pa mtima. Koma pansi pa pansipo panali kena. Ndinadzifunsa kuti, bwanji anakaonekera kwa iyeyo? Ndine ndinamuvulaza, ndine sindikudya. Ngakhale nkhani yabwinoyi inayenera kudzera mwa Mahad?

Akuti mawa ndikwere nawo boti lake, ndikamuone ndekha mwanayo. Akuti Bambo ndi amene anena. Sindikudziwa ngati n'zoona kapena ndi bodza lake lachiwiri. Ndikapita ndikakhala pamene amakhala alendo, mng'ono wanga ali pachiwongolero, doko lonse likuona. Ndamuuza kuti ndiganiza. Koma malaya ndachapitsa kale.

Mukamaimbira Bambo musatchule za kalatayi. Alamu muwauze kuti nsomba zouma zibwera mwezi wamawa. Ana muwapsompsone, makamaka Ghaliya, ndamva kuti wayamba kuwerenga.

Ndipo mundiyankhe chinthu chimodzi, inu amene munali ndi zaka zisanu ndi ziwiri pamene ndinkabadwa. Tsiku limene Mahad anabadwa ndikulikumbukira: Bambo anapha mbuzi ziwiri, anayenda naye m'manja mpaka kudoko kukamuonetsa asodzi anzawo. Langa sindingalikumbukire, ndipo Mayi amene akanandiuza kulibe. Kodi inenso anandinyamula? Musandikometsere. Ngati simukukumbukira, mungonena kuti simukukumbukira.

Ndine mlongo wanu wokukondani,
Musallam