Malwa Sindinamuuze

Lolemba, 6 Novembala

Tsiku loyamba popanda mphunzitsi wathu, Pan Zygmunt. Tinawaika m'manda Loweruka. Zaka makumi atatu akuima pakati pa bwalo kuphunzitsa anthu kukwera hatchi, lero bwalo lili zii.

Mayeso anga a uphunzitsi ali Lachisanu. Ndikalepheranso, basi, kulongedza, pakoleji pano salola kachitatu. Andipatsa Malwa, hatchi yokalamba ya malemuwo ija. Mnzanga Jagoda akuti ndachita mphumi: "Ameneyo angakhoze mayesowo yekha, iwe uli phee kudya sangweji."

Lachiwiri, 7 Novembala

Mphumi yake iti? Malwa pa chingwe chachitali, ine pakati, Jagoda pamsana pake ngati wophunzira. Ndati yenda, iye njii. Kenako, ine ndili duu, wanyamuka yekha, wazungulira, wathamanga, waima, zonse mwadongosolo ngati wina akumulamula. Khutu lake silinaloze kwa ine. Linaloza pambali panga, kudzanja lamanja.

Jagoda: "Ukum'nong'oneza chiyani, mfiti iwe?" Pakamwa sindinatsegule n'komwe.

Pakati paja pamanunkhira maswiti a minti. Pan Zygmunt sankasowa nawo m'thumba la jekete, ankam'patsa Malwa akatha phunziro.

Lachitatu, 8 Novembala

Dzulo mchenga wa m'bwalo ndinasalaza ndekha, n'kukhoma chitseko. M'mawa uno pakati pali mapazi awiri a jombo, zidendene pamodzi. Olowera palibe, otulukira palibe. 

Chabwino, ndilembe. Tsiku lomwe Pan Zygmunt anamwalira, Pani Halina, oyang'anira khola, anandituma ndikauze ahatchi onse monga amachitira kwawo: dzanja pakhosi pa hatchi, "bwana wako wamwalira," mmodzimmodzi. Ndinachita, manyazi ali tho, Jagoda akufa nazo kuseka. Koma Malwa anali kubusa lakutali lija, mvula ikukhuthuka. Ndinangoti aa, hatchi imva chiyani? Pobwerera ndinanama kuti onse ndawauza.

Lachinayi, 9 Novembala

Ndaulula. Pani Halina anatula ndowa pansi. "Bogna, mwana iwe! Ndiye Pan Zygmunt apite bwanji, wina akuwadikirabe m'mawa uliwonse?" Ndinawachonderera akamuuze okha. "Anatumidwa ndani? Ine?"

Ndinapita masana. Ndinapeza Malwa atatambasula khosi, maso atatsinzina, mlomo ukugwedera, monga ankachitira Pan Zygmunt akamam'kanda paphewa. M'kholamo munalibe munthu. Ubweya wa paphewapo unali utasokonekera.

Ndinabwerera osamuuza. Mantha, inde. Komanso ankaoneka wokondwa kwambiri, ndipo ine ndine ndani kuti ndim'lande zimenezi chifukwa cha satifiketi? Supu sindinamwe. Mayi aimba foni, akuti auza kale anthu onse kuti mwana wawo ndi mphunzitsi.

Lachisanu, 10 Novembala

Mayeso 9 koloko. Ndinalowa m'khola 7 koloko, minti ikununkhira ngati wina wangotafuna kumene. Dzanja pakhosi pake. "Malwa, bwana wako wamwalira. Sabweranso. Pepa, ndachedwa kukuuza."

Anasiya kutafuna. Udzu unagwa m'kamwa. Anapuma mpweya wautali, wofunda, n'kuyang'ana kuchitseko kumbuyo kwanga, mutu ukutembenuka pang'onopang'ono ngati akuperekeza munthu ndi maso. Ine sindinacheuke. Kenako fungo lija linatha, kunangotsala la ndowe ndi udzu.

M'bwalo mchenga unali see.

Ndinati yenda, anayenda. Thamanga, anathamanga. Ima, anaima, khutu lili kwa ine. Oyesa mayeso anagwedeza mutu, akuti ndili ndi mawu abwino. Ndakhoza. Jagoda anandikumbatira mpaka chipewa changa kugwa.

Anthu atatuluka ndinam'masula Malwa chingwe. Anapita yekha pakati, kumanja kwa mapazi anga, n'kununkhiza mchenga. Ananunkhiza, ananunkhiza. Kenako anabwera n'kuika mphuno pa thumba la jekete langa.

Munalibe kanthu.